Kodi kukhala m'nyumba zing'onozing'ono kumayiko akunja ndi umphawi kapena ndi chikhalidwe?

Mayi wa ku Area 25:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukukhala kapena munakhalako kumayiko akunja. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito yaunamwino ku England, ndipo iye, mwamuna wake ndi mwana wawo mmodzi amachita lendi nyumba ya zipinda zogona ziwiri m'nyumba yosanja. Atandionetsa nyumbayo pa foni, ndinaona kuti m'chipinda chachiwiricho mumangolowa bedi laling'ono ndi kabati basi, khitchini ndi balaza zili malo amodzi popanda khoma lozilekanitsa, ndipo makina ochapira zovala ali m'khitchini momwemo. Khonde palibe, bwalo palibe, zovala amayanika m'nyumba. Komatu ndalama ya lendi imene ananditchulira, nditaiwerengera m'makwacha, ndi yoti kuno munthu akhoza kukhala nayo m'nyumba ya kumpanda yokhala ndi boyizikota kuseri.

Chandifunsitsa ndi chakuti achibale kuno ayamba kung'ung'udza. Mwana wa mchemwali wanga anafuna kukakhala nawo miyezi ingapo, koma anamuyankha kuti malo palibe, ndipo tsopano ena akuti mwana wanga wayamba umbombo, ena akuti akuvutika koma akutibisira. Mwana wangayo akuti anthu oyandikana nawo, omwe ndi eni dziko ndipo ali pa ntchito zabwino, amakhala m'nyumba za msinkhu womwewo popanda kuchita nazo manyazi. Kodi anthu akumeneko amachita kusankha nyumba zoterezi, kapena zimangowakakamiza? Nanga alendo amawalandirira kuti?

Mkamwini wa ku Leeds:

Amayi, zimene mwana wanu wakuuzani ndi zoona, ndipo nyumba imene mwafotokozayo ndi nyumba wamba ya banja laling'ono kuno. Choyamba chimene chimasokoneza ife obwera ndi chakuti kuno nyumba amaitchula ndi chiwerengero cha zipinda zogona, osati ndi kukula kwake. Munthu akamva kuti "zipinda ziwiri" amaganiza za zipinda zonga za kwathu, pomwe chachiwiricho nthawi zambiri chimakhala kachipinda kamene eni dziko eniake amakagwiritsa ntchito posungiramo katundu kapena kugonekamo mwana wakhanda. Omanga nyumba zogulitsa amadziwa kuti mtengo umakwera ndi chipinda chilichonse chowonjezera, choncho kwa iwo n'kwaphindu kugawa malo omwewo kukhala zipinda zambiri zopanikizika kusiyana ndi zipinda zochepa zotakasuka.

Nkhani ya kukula kwa nyumba ili ndi mbiri yake kuno. Mu 1961 komiti ya boma imene ankaitsogolera Sir Parker Morris inatulutsa miyezo ya malo amene banja liyenera kukhala nawo, potengera mipando, mabedi ndi katundu amene banja limakhala naye, ndipo pofika 1969 nyumba zonse zimene makhonsolo ankamanga zinkayenera kutsatira miyezoyo. Mu 1980 boma la Margaret Thatcher linachotsa lamuloli, ndipo m'chaka chomwecho linalola anthu okhala m'nyumba za makhonsolo kugula nyumbazo pa mtengo wotsika. N'chifukwa chake mpaka lero mungapeze kuti nyumba yakale ya khonsolo, ngakhale ioneke yosasangalatsa kunja, ili ndi zipinda zazikulu kuposa nyumba yatsopano yonyezimira. Miyezo ina inabweranso mu 2015. Imanena kuti nyumba ya munthu mmodzi isachepere masikweya mita 37, ya anthu awiri ogona chipinda chimodzi isachepere 50, ndipo ya anthu atatu yokhala ndi zipinda ziwiri, ngati ya mwana wanuyo, isachepere 61. Chipinda cha bedi limodzi chiyenera kufika masikweya mita 7.5. Koma miyezoyi imakhudza nyumba zomangidwa kumene, ndiponso m'madera amene khonsolo yavomereza kuigwiritsa ntchito, pomwe nyumba zambiri zalendi ndi zakale, zina mwa izo za mdadada zimene anamangira anthu ogwira ntchito m'mafakitale zaka zoposa 100 zapitazo.

Pa nkhani ya mwana wa achemwali anu, ndikupempha kuti achibale amvetse kuti kuno kusunga munthu si nkhani ya mtima wabwino wokha. Pangano la lendi limatchula mayina a anthu akuluakulu amene azikhala m'nyumbamo, ndipo mapangano ambiri amaletsa kuwonjezera munthu wina popanda chilolezo cha mwininyumba. Ku England mwininyumba amalamulidwanso kuona mapepala a munthu wamkulu aliyense amene nyumbayo ikhale kwawo kwenikweni, kuti atsimikize kuti ali ndi chilolezo chokhala m'dziko. Mlendo wa masabata ochepa sabweretsa vuto, koma wachibale wokhala miyezi yambiri akhoza kuchititsa kuti banja lonse liphwanye pangano. Amene akukhala m'nyumba zogawana ndi anthu ena, momwe aliyense ali ndi chipinda chake koma khitchini ndi bafa n'zimodzi, ali pothina kwambiri, chifukwa chiphaso cha nyumba yotero chimatchula chiwerengero cha anthu ololedwa, ndipo kuyambira 2018 chipinda chogona munthu wamkulu mmodzi m'nyumba yachiphaso sichiyenera kuchepera masikweya mita 6.51. Anamwino ndi osamalira okalamba ambiri ochokera kwathu amayambira m'nyumba zoterezi.

Za manyazi, kunena zoona eni dziko alibe nazo kwenikweni. Amene ali ndi ndalama amafuna nyumba yokulirapo yokhala ndi kadimba kumbuyo, zimenezo sindingakane, koma munthu amamuyesa kwambiri ndi dera limene akukhala, sukulu imene ili pafupi ndi mtunda wopita ku siteshoni ya sitima. Palinso chisanu: kuyambira Okutobala mpaka Epulo nyumba imafunika kutenthetsa, ndipo chipinda chilichonse chowonjezera ndi ndalama ya gasi kapena magetsi. Alendo amawalandira mochita kupangana tsiku ndi ola, amadya nawo chakudya chamadzulo, kenako aliyense amabwerera kwake. Wachibale wochokera kutali akagona kuhotela palibe amene amaona ngati wanyozedwa.

Wophunzira wa ku Japan:

Amayi, ine ndiyankhako kuchokera ku Japan kumene ndinachitako maphunziro, chifukwa kumeneko nkhaniyi inafika patali kuposa ku England, ndipo ndikuona kuti kumeneko chikhalidwe chimaonekera bwino. M'mizinda ngati Tokyo ndi Osaka munthu wosakwatira, ngakhale ali pa ntchito yolemekezeka, nthawi zambiri amakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi ya masikweya mita pafupifupi 20, yokhala ndi kakhitchini m'kanjira kolowera ndi kabafa kopangidwiratu kufakitale. Zipinda amaziyeza ndi chiwerengero cha mphasa za tatami zimene zingayalidwe pansi, ndipo pa malonda a nyumba mphasa imodzi amaiwerengera masikweya mita 1.62, choncho chipinda chofala cha mphasa zisanu ndi imodzi chimakhala pafupifupi masikweya mita 10. Boma linaika muyezo wakuti munthu mmodzi ayenera kukhala ndi masikweya mita osachepera 25, koma ndi chitsogozo chabe, ndipo nyumba zambiri za ophunzira ndi achinyamata sizifika pamenepo.

Chimene chimachititsa kuti malo ochepa chonchi akwanire ndi chakuti m'nyumba ya chikale ya ku Japan chipinda sichikhala ndi ntchito imodzi. Usiku munthu amatulutsa matiresi opyapyala otchedwa futon m'kabati yakuya ya m'khoma, n'kuwayala pansi, ndipo m'mawa amawapinda n'kuwabwezeramo, chipinda chija n'kukhala podyera kapena pochezera. Zitseko zambiri n'zokankhira chammbali kotero sizidya malo. Nsapato zimatsala pakhomo, pamalo otsikirako amene anakonzera zimenezo, chifukwa pansi ndi pokhala ndi pogona. Masiku ano mabanja ambiri agula mabedi ndi mipando yachizungu, koma chizolowezi chosamala malo chilipobe: firiji, makina ochapira, ngakhale magalimoto, amapanga ang'onoang'ono, ndipo kutaya katundu wamkulu ngati kabati kumafuna kulipira ku khonsolo ndi kupangana tsiku lodzatenga, zimene zimachititsa munthu kuganiza kawiri asanagule chinthu.

Nyumba zamakono za m'mizinda zinafala pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene mizinda inali itapsa ndi mabomba ndipo anthu ankakhamukira kumafakitale. Mu 1955 boma linakhazikitsa Japan Housing Corporation, bungwe limene linamanga midadada ikuluikulu ya nyumba zosanja zotchedwa danchi. Banja lonse linkapatsidwa zipinda ziwiri ndi khitchini yodyeramo momwemo, pafupifupi masikweya mita 40, ndipo anthu ankazilimbirana mochita kuchita mayere, popeza zinali ndi bafa lakelake pa nthawi imene ambiri ankakasamba kumabafa a anthu onse. Mu 1979 lipoti lina lamkati la bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Community litaululika, linapezeka kuti linanena kuti anthu a ku Japan amakhala m'makola a akalulu. Mawuwo anawapweteka, koma iwo eni anawatola n'kumawagwiritsa ntchito podandaula za nyumba zawo, zimene zikusonyeza kuti nawonso sakhutira ndi kupanikizika.

Funso lanu la alendo ndi limene ndikufuna kutsindika. Ku Japan mungagwire ntchito ndi munthu zaka zambiri, n'kumagwirizana naye bwino, koma osaponda m'nyumba mwake, ndipo palibe amene amaona kuti ndi mwano. Macheza amachitikira kumalo odyera ndi omwera, misonkhano ya achibale imachitikira kulesitilanti, ana amasewera kupaki, ophunzira amawerengera kulaibulale kapena kumalo omwera khofi, ndipo sitolo zing'onozing'ono zotsegula usiku wonse zili paliponse moti munthu sasowa kusunga chakudya chambiri. Ndikaganiza za kwathu, nyumba za kumudzi nazonso si zazikulu: ndi zogonamo ndi kusungiramo katundu, pomwe kuphika, kudya, kucheza ndi kuweruza nkhani zimachitikira panja, pakhonde ndi pabwalo, ndipo anyamata akakula amasamukira kugowelo. Kusiyana kwake n'kwakuti bwalo lathu ndi laulere ndipo lili pakhomo pomwepo, pomwe kumeneko malo ochezera ndi a mzinda wonse ndipo ambiri ndi olipira. Mwana wanu ali ndi pogona pokwanira banja lake; chimene alibe ndi bwalo ndi gowelo, ndipo kumeneko ndi kumene mlendo wa miyezi ingapo akanakhala.

Wojambula Mapulani a Nyumba:

Ndawerenga mayankho awiriwa ndipo ndikugwirizana ndi zambiri, koma ndikuopa kuti tingafulumire kutcha chikhalidwe chinthu chimene gwero lake ndi mtengo wa malo ndi zosankha za boma. Achimwene a ku Japan atchula Tokyo ndi Osaka, koma m'dziko lomwelo, kuzigawo za kumidzi ngati Toyama, anthu a chikhalidwe chomwecho amakhala m'nyumba zazikulu kwambiri, ndipo kalembera wa nyumba wa 2023 anapeza kuti m'dzikomo muli nyumba pafupifupi 9 miliyoni zopanda anthu. Nyumba zilipo, koma sizili kumene kuli ntchito. Ku England nakonso malamulo a mapulani kuyambira 1947, pamodzi ndi malo otetezedwa ozungulira London ndi mizinda ina, amene salola kumangapo, anachititsa kuti malo omangapo akhale ochepa ndi okwera mtengo. Mu 2013 boma linalola kusandutsa maofesi kukhala nyumba zogonamo popanda kupempha chilolezo chonse cha mapulani, ndipo zina mwa nyumba zimene zinatuluka m'menemo zinali zazing'ono mochititsa manyazi, mpaka mu 2021 pamene analamula kuti nazonso zizitsatira miyezo ya 2015 ija. Anthu amene analowa m'nyumba zimenezo sanazisankhe chifukwa chokonda kuphweka kwa moyo.

Hong Kong ndi kumene zimenezi zimaonekera poyera. Mzindawu uli ndi anthu pafupifupi 7.5 miliyoni, koma gawo lomangidwapo ndi pafupifupi limodzi mwa magawo anayi a malo ake, popeza kwina ndi mapiri ndi mapaki otetezedwa, ndipo boma, lomwe ndi mwini wa pafupifupi malo onse, limapeza ndalama zambiri pobwereketsa malowo kwa omanga. Zotsatira zake n'zakuti eni nyumba amagawa nyumba imodzi kukhala tizipinda tambirimbiri talendi, ndipo kalembera wa 2021 anapeza anthu oposa 200,000 akukhala m'tizipinda totere. Mu 2024 mtsogoleri wa mzindawo, John Lee, analengeza kuti kachipinda kalikonse kotere kasamachepere masikweya mita 8, kakhale ndi zenera ndi chimbudzi chakechake. Boma likafika poika lamulo la zenera, ndiye kuti nkhaniyo si ya chikhalidwe ayi. Mbali inayo kuli America, kumene malo ndi ambiri ndipo moyo unamangidwa pa galimoto: nyumba yatsopano ya banja limodzi nthawi zambiri imakhala ya masikweya mita pafupifupi 200 kapena kuposerapo. Kumeneko kuli kagulu ka anthu amene amatamanda nyumba zing'onozing'ono zokokedwa ndi galimoto, koma ndi ochepa, ndipo kutchuka kwawo pa intaneti kumaposa chiwerengero chawo.

Maganizo anga ndi akuti chikhalidwe chimabwera pambuyo, kudzathandiza anthu kukhala mwaulemu m'malo amene ndalama zawo zakwanitsa. Chimene ndimayamikira kumayiko amenewa n'chakuti nyumba yaing'ono saiona ngati umboni wa kulephera, ndipo amaimanga mosamala, ndi madzi, chimbudzi ndi kuwala kokwanira. Ifenso tisaiwale kuti ku Ndirande, ku Mbayani ndi ku Mtandire mabanja athunthu amachita lendi chipinda chimodzi chogawa ndi katani, ndipo amalandirabe achibale ochokera kumudzi, koma mtengo wa kulandirako amaulipira ndi ana ogona pabalaza ndi amayi osowa pobisala povala. Achibale amene akunena za umbombo akuyerekeza nyumba ya namwino wa ku England ndi nyumba za ku Area 10 kapena ku Nyambadwe, pomwe malipiro ake akawayeza ndi mitengo ya kumeneko, iye ndi wantchito wamba amene gawo lalikulu la malipiro ake limathera ku lendi, msonkho wa khonsolo ndi kutenthetsa nyumba.

Mayi wa ku Area 25:

Zikomo nonse, abambo, chifukwa mwandipatsa zoti ndikafotokozere achibale, makamaka nkhani ya pangano la lendi. Ndili ndi funso lina limene likundivuta kwambiri kuposa loyamba lija. Mwana wangayo ndi woyembekezera, ndipo akufuna kuti ndikakhale naye pa nthawi ya chikuta. Mwambo wathu mukuudziwa, kuti mpongozi ndi mkamwini amapatsana ulemu potalikirana, sadyera pamodzi mwachisawawa, ndipo sakumanizana pakhomo la bafa. M'nyumba imene bafa ndi chimbudzi zili m'chipinda chimodzi, moyang'anizana ndi chipinda chawo chogona, kodi amayi anzanga amene munapitako munachita bwanji?

Namwino wa ku Luton:

Amayi, funso lanu ndi limene mabanja ambiri a kwathu kuno amakumana nalo, ndipo amayi anga enieni anabwera pa chifukwa chomwecho. Poyamba ndikutsimikizireni kuti ulendo wanu ndi wosiyana ndi wa mwana wa achemwali anu uja. Inu mudzabwera ndi chitupa cha mlendo, chimene chimalola kukhala mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kwanu kudzakhalabe ku Lilongwe, choncho chimene mwana wanu ayenera kuchita ndi kuwerenga pangano lake ndi kudziwitsa mwininyumba mwa kalata za nthawi imene mudzakhale. Pofunsira chitupacho ndi bwino kuti kalata yokuitanani ifotokoze kumene mudzagone. Lamulo la nyumba la 1985 limaona kuti nyumba yadzaza mopitirira muyezo ngati mwamuna ndi mkazi a zaka 10 kapena kuposerapo, omwe si okwatirana, akukakamizika kugona m'chipinda chimodzi, ndipo powerengera anthu, khanda losakwana chaka siliwerengedwa pomwe mwana wosakwana zaka 10 amawerengedwa theka. Pa nyumba imene mwafotokozayo, inu mukagona m'kachipinda kaja ndi mdzukulu wanu wamkulu, palibe lamulo limene likuphwanyidwa.

Za ulemu wa chipongozi, mabanja amapeza njira zawo, ndipo chimene chimathandiza kwambiri ndi kukambirana musananyamuke kudzera mwa mwana wanuyo, osati kudikira kuti muzikachita manyazi muli komweko. Kwathu tinagwirizana nthawi zosambira, moti amuna anga ankasamba m'mamawa asanapite kuntchito amayi asanatuluke m'chipinda, ndipo amayi ankasamba iwo atachoka. Tinagula chovala chachitali chovala pochokera kubafa kuti chitenje chokha chisakhale chodalira, popeza kanjira ka pakati pa zipinda ndi kopapatiza. Pa chakudya, amayi anakana kukhala patebulo limodzi ndi mkamwini wawo masabata oyambirira, ndipo tinkawapatsira chakudya chawo poyamba iwo n'kumadya akuyang'anira khanda. Pambuyo pake anadzasankha okha kumadya nafe Lamlungu. Mabanja ena amene amagwira ntchito mosinthana usiku ndi usana amapeza kuti mpongozi ndi mkamwini sakumana n'komwe masiku ambiri.

Chimene ndikuchenjezeni si kuchepa kwa zipinda koma kutsekeredwa. Amayi anga sanadandaule za bedi laling'ono, koma zinkawavuta kukhala tsiku lonse osaona munthu wodutsa woti apatsane naye moni, makamaka m'miyezi ya Disembala ndi Januwale pamene kumada cha m'ma 4 koloko masana. Ngati tsiku lochira likulola kusankha, miyezi ya Meyi mpaka Seputembala ndi yabwino chifukwa mukhoza kumapita ndi ana kupaki tsiku lililonse. Mupemphe mwana wanu akulumikizeni ndi amayi ena a kwathu a kumpingo kapena a m'magulu a Amalawi a m'dera lawo musanafike, akuphunzitseni kukwera basi nokha m'sabata yoyamba, ndiponso akudulireni kiyi wanuwanu. Ndipo ponyamula katundu mukumbukire kuti masutikesi awiri akuluakulu akalowa m'kachipinda kaja adzafunika kukwanira pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati, choncho mufunse miyezo ya malo amenewo musanagule zikwama.